Sitandi ya Atsibweni

Njinga yamoto ndinaigula nthawi imene anyamata a kabaza anayamba kusiya njinga zakapalasa n'kumagula zamoto. Ndinali mlangizi wa zaumoyo, ndipo midzi imene ndinkayendera kuchokera kwathu ku Milonde inali patalipatali, ina kuseri kwa minda ya tiyi, ina kumunsi kufupi ndi mtsinje wa Ruo. Kupalasa kunali kutandithera mawondo. Choncho ndinawoloka malire kupita ku Milanje, kumene aliyense ankagula, n'kubwerako ndi njinga yofiira, yaing'ono koma yolemera kuposa mmene inkaonekera. Inali ndi kamwendo kam'mbali kokha, kaja kamene njinga imatsamira ikaima. Sitandi yapakati, yokweza tayala lakumbuyo m'mwamba, panalibe. Wogulitsa anati zinabwera choncho, ine osalabadira. Maganizo anga anali pa kuyenda, osati kukonza.

Pakhomo tinkakhala anthu atatu: ine, mayi anga, ndi atsibweni, achimwene awo a mayi, amene anali ndi kanyumba kawo kuseri kwa khitchini. Onse awiri anabadwira kutsidya, ku Mozambique. Mayi anakwatiwa kuno nkhondo isanafike kwawo, koma atsibweni anatsala chifukwa anali pa ntchito m'galaji ya kampani ya tiyi, kukonza njinga zamoto za akapitawo ndi kuziyesa m'misewu ya m'minda. Nkhondo itakula anathawa ndi anthu ena kudzera m'tchire, ndipo atatsala pang'ono kufika pa mtsinje anaponda bomba lokwirira pansi. Anzawo anawanyamula pa machira a nsungwi mpaka kuchipatala cha mishoni, kumene anawadula mwendo wamanzere pamwamba pa bondo. Ine ndinali kamwana. Ndinakula ndikuwadziwa ngati munthu wa ndodo ziwiri, wokhala pa kampando pansi pa mtengo wa mapeyala, kumakhoma ndowa ndi mapoto obooka a anthu a m'mudzi. Zoti anali makaniko ndinkazimva, koma sizinkandilowa. Manja awo ndinkawaona ali ndi nyundo yaing'ono ndi malata basi.

Tsiku limene ndinafika ndi njinga, akazi oyandikana nafe anathamangira kudzaona, mayi akululutira. Atsibweni sanadzuke. Anangondiuza kuti ndisazimitse kaye, n'kupendeketsa mutu ngati munthu amene akumvetsera kuitana kwa patali. Kenako anagwedeza mutu, n'kubwerera ku ndowa yawo. Iwo sankati njinga yamoto, ankati mota, monga amanenera kwawo. Nditawapempha kuti ndiwanyamule tikazungulire kumsika, anakana, ndipo chifukwa chake sananene.

Mvula itayamba ndinaphunzira kuti matope a ku Mulanje sakhululukira tcheni. Linkalira, linkauma, linkalendewera. Pothira oyilo ndinkakankha njinga pang'ono, kuthira, kukankhanso, kuthira, mpaka ndafika kumpanda. Atsibweni ankangondiyang'ana ali pa kampando kawo. Loweruka lina m'mawa ndinapeza tayala lakumbuyo litaphwa, msomali uli chilowereni. Ndikukonzeka kuikankha ulendo wonse wa kumsika kwa amakaniko, ndinamva mawu a atsibweni kumbuyo kwanga.

"Bwera nayo kuno, mwanawe."

Tinasanja njerwa pansi pa injini. Ine ndi mayi tinanyamula kumbuyo, tikubuula, atsibweni ali pansi akukankhira njerwazo. Njinga inakhala, tayala linachoka pansi, ndipo iwo anayamba kumasula nati ndi sipanala yobwereka. Atangokoka mwamphamvu, njerwa imodzi inaphwanyika. Njinga inapendekera kwa iwo. Munthu wa miyendo iwiri akanalumpha. Iwo anangokweza mkono kuphimba nkhope. Ndinaigwira pa mpando, mayi pa chiwongolero, ndipo inatsala pang'ono kwambiri kuti iwagwere pa mwendo wokhawo umene anali nawo. Mayi anayankhula Chilomwe chothamanga chimene sindinachimve chonse, koma mfundo yake inali yoti achimwene awo asadzayandikirenso chitsulocho. Atsibweni anawasiya mpaka anamaliza. Kenako anati mota ilibe mlandu, njerwa si malo ake, chimene chikusowa ndi kavaleti. Nditafunsa kuti kavaleti n'chiyani, anati ndi chimene ife timati sitandi, ndipo kugalaji kwawo kunalibe munthu amene ankagwira sipanala mota isanakhale pa kavaleti wake.

Ndinaganiza kuti nkhaniyo ndi yosavuta. Ogulitsa zipangizo kumsika anali ndi masitandi apakati omangirira pansi pa njinga, ndipo ndinali wokonzeka kugula. Atsibweni anati ndidikire, ayambe aona. Ndinaitana bambo wina wa kabaza amene njinga yake inali nayo sitandi yotero kuti adutse pakhomo. Bamboyo anationetsa: anaponda sitandi ndi phazi lamanja, n'kukokera njinga kumbuyo, iyo n'kukwera yokha. Atsibweni anadzuka, anatsamiritsa ndodo imodzi pa mtengo, nagwira chiwongolero. Anayang'ana pansi pamene panali sitandi. Phazi loti aponde nalo linali lomwelo limene anaimira. Kenako anatenga ndodo yawo, kumuthokoza bamboyo, n'kukakhala.

Apo m'pamene ndinazindikira chimene tinkafuna. Ine ndinkasaka sitandi yoyenera njinga. Iwo ankasaka yoti munthu wokhala pa kampando, wopanda womuthandiza, athe kukweza nayo njinga yekha. Sananene choncho. Sanali munthu wonena zoterozo.

Tinayesa zina. Dalaivala wina wopuma ntchito anatibwereka jeke wa galimoto, ndipo ankakwezadi bwino ndi dzanja, koma ankagwira pamalo amodzi, njinga n'kumagwedera ngati mwana wophunzira kuima. Amakaniko a m'mbali mwa msewu amagwiritsa ntchito chitsa, koma chitsa chimafuna amuna awiri onyamula njinga n'kuikhazikapo. Ine ndinaganiza zomangirira chingwe ku nthambi ya mtengo wa mapeyala, atsibweni n'kuseka, amvekere nthambi ya peyala imathyoka ndi zipatso zake zomwe, nanji mota. Patapita masabata, mmodzi mwa amayi amene ndinkakumana nawo kusikelo ya ana anandiuza kuti ku Chinakanaka kuli wowotcherera zitsulo amene amapangira a kabaza masitandi apadera, osamangirira ku njinga.

Tinapita tsiku la msika. Ine ndinatsogola pa njinga, iwo anabwera pa galimoto ya matola, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Wowotchererayo anali bambo wachikulire, wa imvi, wokhala m'kashedi ka malata kuseri kwa ogulitsa zinanazi. Anatulutsa masitandi awiri. Yoyamba inali ngati kabokosi kolowetsa pansi pa injini, kokwezedwa pozungulitsa chitsulo. Inali yolimba koma yopapatiza, ndipo atsibweni atangoikankha ndi ndodo inagwa cham'mbali. Yachiwiri sindinaionepo chikhalire. Inali ya mapaipi opindidwa, yokhala ndi timanja tiwiri togwira zitsulo zimene zimanyamula tayala lakumbuyo, timagudumu tiwiri pansi, ndi chogwirira chachifupi kumbuyo. Wowotcherera anaiyika pa njinga yanga, naponda chogwiriracho ndi phazi, njinga n'kukwera.

Phazi kachiwiri, ndinatero mumtima. Koma atsibweni anapempha mpando. Anakhala kumbuyo kwa njinga, nagwira chogwiriracho ndi manja onse, n'kukanikiza. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, njinga inanyamuka pang'ono, n'kubwerera. Anayankhula kanthu kwa iwo eni m'Chipwitikizi, ndipo wowotcherera uja anawayankha m'Chipwitikizi momwemo.

Anayang'anana. Kenako anayamba Chilomwe, choyamba mofufuzana, kenako mothamanga. Ndinatolamo kuti wowotchererayo nayenso anachokera kutsidya, anawoloka m'nyengo yomweyo ya nkhondo, ndipo ankaidziwa galaji imene atsibweni ankagwiramo ntchito, chifukwa bambo ake ankaperekako makala. Sanakumbatirane, sanafunsane za amene anamwalira. Anangotsikira pansi onse awiri, wina pa mpando, wina chonjuta, n'kuyamba kujambula pa dothi ndi msomali. Atsibweni anajambula chogwirira chachitali. Wowotcherera anafufuta, nachipinda kumapeto kuti chizifika pachifuwa cha munthu wokhala pansi. Atsibweni anatalikitsa miyendo ya sitandi kuti isagwe pa bwalo losasalala ngati lathu. Anakangana za timagudumu, wina akuti tichoke, wina akuti tikhale koma tikule, ndipo anagwirizana zoika mabering'i akale a galimoto m'malo mwa timagudumuto. Panatsala vuto limodzi: njinga yotsamira pa kamwendo kam'mbali imakhala yopendekeka, ndipo wina amayenera kuiwongola isanakwezedwe. Kenako wowotcherera anatola kathabwa kochindikala, n'kukalowetsa pansi pa kamwendoko, njinga n'kuima pafupifupi chilili. Atsibweni anawomba m'manja kamodzi.

Ine ndinakhala pa tayala lakale n'kumaonerera. Panalibe chimene akanandifunsa. Wowotcherera anadula paipi yamadzi, naiwotcherera, moto wabuluu ukuthetheka, atsibweni atatembenuzira nkhope kumbali koma akumuuza pamene awonjezere. Chitsulo chitazizira anachiyika kumbuyo kwa njinga. Atsibweni anakokera mpando pafupi, analowetsa timanja tija m'malo mwake, anayang'ana mbali iyi ndi iyo. Anaika dzanja limodzi lokha pa chogwirira, lamanja, n'kutsitsa pang'onopang'ono.

Njinga imene ine ndi mayi tinkabuula nayo inanyamuka ngati ikudzuka yokha. Sinagwedere, sinalire. Inakwera, n'kukhazikika, tayala lili m'malere. Atsibweni anachotsa dzanja, n'kulikankha tayalalo ndi chala chimodzi, ndipo linazungulira, masipoko akung'anima, tcheni likuyenda mwakachetechete. Ndinali nditaona magalimoto akuluakulu onyamula tiyi, ndinali nditaona makina a kufakitale, koma palibe chinandidabwitsa ngati paipi yamadzi imeneyo m'dzanja la munthu wokhala pa mpando. Amayi ogulitsa zinanazi anali atasiya malonda awo n'kuima pakhomo pa shedi. Wowotcherera anafuna kuti ayesenso, ndipo atsibweni anatsitsa, kukweza, kutsitsa, kukweza, nkhope ili phee ngati ya munthu amene akupemphera.

"Uyu ndiye kavaleti," anatero. "Tenga ameneyu."

Mayi ataona chitsulocho chikutsitsidwa pa galimoto sanasangalale. Anaima patali, manja ali m'chiuno, kuonerera achimwene awo akukweza njinga. Kenako anabwera, anaikankha njingayo ndi manja awiri, choyamba pang'ono, kenako mwamphamvu. Sinasunthe. Anabwerera kukhitchini, ndipo tonse tinadziwa kuti chiletso chatha.

Kuyambira pamenepo Loweruka linakhala tsiku la mota. Ndinagula masipanala, palafini ndi girizi. Atsibweni ankatsuka tcheni ndi mswachi wakale, akuzungulitsa tayala ndi dzanja lina, mfundo iliyonse payokha, mpaka matope ofiira atatha. Ankagogoda masipoko ndi sipanala limodzilimodzi, akumvetsera, ndipo limene lalira mosiyana ndi anzake ankalimanga. Ankandigwiritsa tcheni ndi chala kuti ndimve kulendewera koyenera, osati kothina kwambiri, osatinso kotayirira. Pulagi ankaiyang'ana mtundu wake n'kundiuza mmene ndayendetsera sabata yonse, kuti ndakhala ndikukwera zitunda ndi giya yolemera, ndipo zinkakhala zoona. Chimene chinkandizizwitsa kwambiri chinali manja awo. Zaka zonse zimene anakhala akukhoma ndowa, manjawo sanaiwale kanthu. Ankapeza nati yobisika maso ali kwina, akuyankhula ndi mayi za nandolo. Nthawi zina ndinkaiwala kuti ndikuphunzira, n'kumangoyang'ana zala zija zikuyenda m'zitsulo ngati za mayi woluka tsitsi.

Ankayankhulanso kuposa kale. Anandiuza za mzungu wina woyang'anira minda amene ankawononga kalachi mwezi uliwonse, za msewu wa fumbi wotsetsereka kumene ankayesera mabuleki, za mmene tiyi amanunkhira m'mawa ukamadutsa mothamanga. Za bomba sanazitchule, ndipo ine sindinafunse.

Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, chiperoni chimene chinatiphimba sabata yonse chinali chitayera, phiri la Mulanje likuoneka lonse mpaka mathithi ake oyera. Njinga inali pa sitandi chifukwa dzulo lake tinasintha oyilo. Mayi anali pakhonde akusola nandolo m'lichero. Atsibweni, akadali m'jekete yawo, anandiuza kuti ndimange tayala lakutsogolo ku tsinde la mtengo ndi chingwe, ndilimbitse, ndiikenso miyala mbali zonse. Ndinaganiza kuti pali chimene akufuna kuyesa m'injini. Nditamaliza anati ndilize. Nditaliza anandipatsa ndodo zawo zonse ziwiri.

"Ndigwire phewa."

Ndinawagwira. Anadumpha kamodzi, nakhala pa mpando wa njinga, phazi lamanja pa chopondera chake, manja pa chiwongolero. Sitandi sinagwedezeke. Kumanzere, kumene kuli chitsulo chosinthira magiya, kunalibe phazi. Anayang'ana pamenepo, kenako anayang'ana ine.

"Khala apo. Ndikanena, usinthe ndi dzanja."

Ndinanjuta pambali pa injini, kutentha kwake kukundiwomba kumaso. Anagwira kalachi, anati yoyamba, ine n'kukanikiza. Tayala lakumbuyo linayamba kuzungulira m'malere. Anawonjezera moto, anati yachiwiri, ndinakweza. Yachitatu. Injini inkalira mosalala mmene sinalirepo ndili ine pampando, chifukwa ankadziwa nthawi yeniyeni yosiyira kalachi. Msana wawo, umene ndinauzolowera uli wopindika pa ndowa, unawongoka. Maso anali kutsogolo, kupyola tsinde la mtengo, kupyola mpanda. Ndipo anayamba kutchula malo, mokweza kuti amveke pamwamba pa injini: chipata cha galaji, sitolo ya mmwenye, mlatho wa matabwa. Pa mlathopo anachepetsa moto, n'kundiuza kuti nditsitse giya. Atawoloka anawonjezeranso, ine n'kukwezanso giya. Ankapendekera pang'ono pokhota, koma chitsulo cha ku Chinakanaka chinagwira.

Ndinamva mawu a mayi kumbuyo kwanga. Anali atasiya lichero, ataima pafupi, ndipo anatchula dzina la mtsinje wina m'Chilomwe. Atsibweni anavomera ndi mutu osatembenuka. Mayi anatchula chitunda, iwo anati yachiwiri, ine ndinatsitsa, injini n'kulemera ngati ikukweradi. Anapitiriza choncho, mlongo akutchula, mchimwene akuyendetsa: mtengo wa mbawa wa pamphambano, tchalitchi cha udzu, munda wa chinangwa wa azakhali awo. Anali malo amene ine sindinawaonepo, ena mwina kulibenso, koma awiriwo ankawadziwa motsatana bwinobwino, osalumpha ngakhale amodzi. Ine ndinali pansi, dzanja pa chitsulo chotentha, ndikusintha magiya a ulendo wopita kwawo kwa mayi anga.

Kenako anachepetsa moto pang'onopang'ono. Anandiuza kuti ndibwezere giya pakati. Anaponda buleki, tayala linaima, anazimitsa. Pabwalo panangoti zii, nkhuku zokha zikupalasa.

"Tafika," anatero.

Mayi anafunsa motsitsa mawu, m'Chilomwe chimene ndinachimva bwino, ngati apeza anthu pakhomo. Atsibweni anayankha manja akadali pa chiwongolero.

"Alipo, achemwali. Onse alipo."

Mayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kubwerera ku nandolo wawo. Ine ndinawathandiza atsibweni kutsika, ndinawapatsa ndodo. Ali pa kampando kawo anandiuza kuti giya yachiwiri ikulimba polowa, Loweruka tidzayang'ane waya wa kalachi. Sanakwerenso njingayo tsiku lina lililonse, ndipo palibe mwa ife anaitchulanso nkhaniyi.

Mbiri ya sitandi inafika kwa a kabaza, ndipo anayamba kubwera mmodzimmodzi, ena kudzangoona, ena ndi matcheni olira. Atsibweni anaika lamulo loti aliyense ayambe watsuka matope kumjigo asanalowe pabwalo. Ndowa zobooka zinayamba kudikira nthawi yaitali, mpaka eni ake anayamba kudandaula kwa mayi. Chakumapeto kwa nyengo yozizira wowotcherera uja anabwera yekha kudzationa, atanyamula zinanazi ziwiri ndi tepi yoyezera. Anati kwawo kuli bambo wina wopuwala miyendo yonse, wosoka nsapato, amene mwana wake wagula njinga, ndipo wamva za kavaleti wa ku Milonde. Anagwada n'kuyeza chogwirira, miyendo, kutalika kwa kampando. Atsibweni anamuuza kuti wa bamboyo achepetse msinkhu wa chogwirira, popeza munthu wake amakhala pamphasa, osati pa mpando. Anakanganapo pang'ono. Mayi anawabweretsera nyemba za kalongonda m'mbale imodzi, ndipo anadya akujambula pansi mpaka dzuwa linapendeka.